Njinga ya Malume Zuze Inafera Panjira ya ku Tengani

Mwezi wa Okutobala ukafika, pamene dzuwa la kuno kuchigwa limatenthetsa ndi mphasa yomwe, ine mtima sukhala m'malo. Ndimatuluka panja, ndimalowanso, ndimasesa posesasesa kale. Ndi mwezi umene anatisiya malume anga a Zuze, mlongo wawo wa mayi, ndipo nthawi zina ndimaganiza kuti kusakhazikika kumeneku ndiko chuma chokha chimene anandisiyira. Njinga zamoto za anyamata a kabaza zikamadutsa pamsewupa ndimapezeka ndatchera khutu, chonsecho ndikudziwa bwino kuti palibe imene ingalire ngati yawo ija.

Pamaliro awo bambo anga sanapite. Ndiyambe ndi zimenezi, pakuti ndi zimene zimandiwawa mpaka lero. Mudzi wonse unali pasiwa, anthu ochokera ku Nchalo, ku Ngabu, ena owoloka Shire, koma bambo anakhala pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa nyumba yathu, akukonza mono wogwirira nsomba umene sunali wowonongeka n'komwe.

"Bambo, maliro akunyamuka," ndinawauza.

"Anyamuke," anatero osadzutsa mutu. "Munthu anandisaka ngati nyama, ine ndi banja langa, lero ndikamuponyere dothi? Pita wekha. Ndi malume ako."

Ndinapita ndekha, ndikulira pawiri: kulira womwalirayo, komanso kulira kuti akulowa m'manda ali ndi mbiri imeneyo pakamwa pa mlamu wawo.

A Zuze anali munthu wamfupi, wa miyendo yamatewe, wosadziwa kukhala pansi. Chakudya ankadya ataimirira, tiyi ankamwa akuzungulira nyumba. Mukawakakamiza mpando, mwendo umodzi unkangogwedera ngati ukuponda kanthu. Kutchalitchi ankakhala pafupi ndi khomo, kuti ulaliki ukatalika atulukeko kaye. Akakondwa ankayankhula Chimang'anja, akapsa mtima Chisena cha makolo awo a kutsidya kwa Shire chinkatuluka chokha, ndipo Chingerezi chimene anatola kuntchito ankachisungira kutukwanira mabawuti okana kumasuka.

Ankagwira ntchito ya umakaniko ku esiteti ya nzimbe ku Nchalo, kukonza mapampu othirira. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi tsoka lawo lokondedwa. Mzungu wina amene ankabwerera kwawo anali ndi njinga yamoto ya mpikisano, yobiriwira, thanki yake yonyendeka mbali imodzi chifukwa inali itamugwetsapo. Azakhali a Nyatembo, akazi awo a malume, chaka chimenecho ankadikira malata a nyumba. M'malo mwa malata anamva phokoso likuchokera cha ku Bangula, nkhuku zikubalalika, ana akuthamangira kumsewu. Ankatiuza kuti anangoyang'ana chinthucho, anayang'ana denga lawo la udzu, n'kulowa m'nyumba.

Ife tinkadziwa njinga za alangizi a thonje, zija zoyenda mwaulemu, thu-thu-thu, zosaopsa ngakhale mbuzi. Iyi inali ina. Inali ndi mapaipi atatu otulutsa utsi, ndipo malume akapotoza dzanja inkalira molasa m'makutu ngati mavu otsekeredwa m'chitini. N'chifukwa chake anthu anaitcha Nyamavu. Munkaimva ikadali kutali, musanaone ngakhale fumbi lake, ndipo ikadutsa inkasiya utsi wabuluu umene unkakhalitsa m'njira. Lamulungu akaweruka kutchalitchi ankaikwera mpaka ku Chikwawa, kuwoloka Shire, kukwera makhota a ku Thabwa, n'kutsikanso osagula ngakhale mchere. Azakhali akafunsa chimene akatenga kumeneko, ankayankha kuti akatenga mphepo, poti kuno kulibe.

Koma Nyamavu sanaipangire dziko lathu. Anaipangira misewu ya phula ndi mayiko ozizira, pomwe kwathu phula linali lisanafike. Fumbi linkatseka makabuleta, kutentha kunkapha mapulagi, mchenga wa m'mitsinje youma unkameza matayala. Munthu wina akanaigulitsa mwezi womwewo, koma malume anayamba kulimbana nayo. Zogwirira zake zinali zotsika, zoti woyendetsa azichita kugona pathanki. Iwo anapinda paipi n'kuzikweza. Anasoka sefa ya mpweya kuchokera ku sefa yakale ya thirakitala. Kumbuyo anaika giya ya mano ambiri kuti izikoka mumchenga, ndiye ataona kuti liwiro latsika anakhumudwa n'kubwezera yakale, kenako atatitimira kawiri anaikanso yatsopano ija. Loweruka pakhonde pawo pankakhala chiguduli, pamwamba pake zitsulo zitandandalikidwa, ndipo mwana akadutsa pafupi ankamukalipira asanakhudze n'komwe.

Ikakana kulira sankafunsa munthu. Ankazula pulagi, kuiyang'ana mtundu, kuinunkhiza, nthawi zina kuinyambita, n'kutchula matenda ake. Ankakonda kunena kuti injini sinama, wonama amakhala mwini wake. Nthawi ina inayamba khalidwe lachilendo: inkayenda bwinobwino, kenako n'kuzima yokha pakati panjira, ndipo akaipumitsa pang'ono inkaliranso ngati sizinachitike. Anaphwasula makabuleta onse atatu, anasintha mawaya, anataya tulo, anakangana ndi aliyense panyumba. Pamapeto pake anapeza kuti kachirombo kaja komanga nyumba zadothi kanamata kabowo kopumira ka pachivundikiro cha thanki. Anakabowola ndi munga, njinga inachira, ndipo nkhaniyi anaifotokozera munthu aliyense kuyambira ku Bangula mpaka ku Nsanje, ena kawirikawiri.

Chosintha chachikulu kwambiri sichinkaoneka ndi maso. Injini ya mtundu umenewo imadya petulo pamodzi ndi oyilo. Oyilo akasowa, zitsulo za m'kati zimakhulana zouma, zimatentha, mpaka zimagwirana gwa. Njingayo inabwera ndi kapampu kothira oyiloyo pakokha. Tsiku lina kapaipi kake kanang'aluka ndi kutentha, malume anakaona mwamwayi, ndipo madzulo omwewo anazula kapampu konseko n'kukataya kudzala. Ankati chinthu chogwira ntchito mobisa chimadzasiyanso mobisa. Kuyambira pamenepo ankasakaniza okha. Ankathira petulo m'chigubu, kuonjezera oyilo wa m'botolo lawo lotseka ndi chitsononkho, kenako n'kukumbatira chigubucho n'kumachikhutchumula uku akuvina nacho pabwalo. Palibe munthu, ngakhale wogulitsa petulo ku Ngabu, amene ankaloledwa kuthira kanthu m'thanki ya Nyamavu. Chifukwa chake sankafotokozera aliyense kupatula azakhali, amene ankasunga botololo pamwamba pa khoma. Ndiye mudzi unadzipezera yankho lake: a Zuze amathira mankhwala a kutsidya kuti njinga iziuluka. Malume ankamva zimenezi n'kumakondwa nazo, ndipo sanatsutsepo.

Bambo anga ankakhulupirira za mankhwalazo kuposa aliyense, poti anali okonzeka kukhulupirira choipa chilichonse chokhudza njinga imeneyo. Anthu awiriwa sankagwirizana ngakhale pa mchere wa m'ndiwo. Bambo anali mlimi wa thonje wodekha, woyenda pang'onopang'ono, woyamba waganiza asanayankhule. Mpingo wawo unkaphunzitsa kuti Mkhristu asalowe za ndale, choncho kadi ya chipani sankagula, pa nthawi imene wopanda kadi sankalowa mumsika kapena kukwera basi. Malume anali ndi kadi m'thumba lililonse, ndipo ankaseka kuti ina anagulira Nyamavu kuti nayo isamavutike panjira.

"Alamu, ndi kapepala chabe aka," ankatero, ataima pabwalo pathu injini ikulira. "Gulani, muike m'thumba. Mulungu amaona mumtima, m'thumba sapisamo."

"Zimitsani kaye mulungu wanuyo kuti timvane," bambo ankayankha.

"Nkhabe, ayi! Wangayu ndikamuponda kamodzi amayankha. Wanuyo mwamuitana kangati?"

Mayi ankathawira kukhitchini atagwira pakamwa, osadziwika ngati akuseka kapena akuopa. Koma mawa lake malume ankabweranso, atanyamula shuga kapena milamba youma, kudzapitiriza mkangano pomwe unalekera. Ine ndinkaona ngati amadana. Ndinali mwana, sindinkadziwa kuti pali anthu ena amene amachezerana chotero.

Ndilumphe kaye zaka zambiri, ndibwereranso. Ife tinathawira ku Mozambiki ndipo tinakhalako nthawi yaitali. Mayi anamwalira komweko. Nkhondo ya kumeneko itafika poipa tinabwerera mwakachetechete, titasakanikirana ndi othawa nkhondo amene anadzaza Nsanje yense. Ndinapita ndili kamtsikana, ndinabwera ndili ndi mwana kumsana. Malume ndinawapeza atachita imvi, akutsimphina mwendo wamanzere, ntchito ya ku esiteti itatha kalekale. Kusakhazikika kokha ndiko kunali komweko, moti ankatsimphina mothamanga.

Nyamavu inali pakhonde, itakwezedwa pa zitsa ziwiri, matayala ataphwa n'kung'aluka. Sinalirenso chichokereni ife. Si kuti anaileka, ayi. Ankaivundukula m'mawa uliwonse. Anali atatuma anthu ku Limbe, ku Beira, mpaka kwa achibale a kumigodi ku Joni, kufuna mapisitoni ake, koma ankabwera olakwika kapena osabwera n'komwe. Anayesa kupala a injini ya pampu ndi tupa kuti akwane. Kamodzi, ine ndili pomwepo, inatsokomola, inatulutsa utsi, ana anakuwa, malume maso ali pa injini, kenako zii. Anakhala pansi padothi, munthu wosakhala pansi uja, n'kupukuta nkhope ndi nsanza ya girisi. Achinyamata obadwa dzulodzuloli ankawaseka podutsa: "A Zuze, lero tikwera?" Iwo ankayankha kuti vuto alipeza, kwangotsala kachitsulo kamodzi, ndipo kachitsulo kameneko kanatsala mpaka imfa yawo.

Tsiku limene tinafika anabwera kudzatilonjera. Ananjuta pamaso pa bambo, mwendo wodwalawo atauwongolera kumbali, n'kuomba m'manja, misozi ya mlongo wawo ili m'maso.

"Alamu, mwafika. Takhuta Mulungu," anathokoza m'Chisena.

Bambo anayang'ana kumbali n'kundiuza ine kuti ndiwafunse alendowo ngati njinga yawo ikadali yothamanga. Malume anatsegula pakamwa, anayang'ana kumsewu kumene kunkadutsa anthu, n'kutsekanso. Ananyamuka. Kuyambira pamenepo ankatisiyira shuga kapena nsomba pa chitsa cha kumpanda, ndipo bambo ankandiuza kuti ndikapereke kwa anansi.

Tsopano ndinene za tsiku limene tinathawa lija monga mmene ine ndinalimvera, pakuti kuona sindinaone kanthu. Chinali chaka chimene anthu a mpingo wa bambo ankasakidwa m'midzi chifukwa cha makadi aja. Nyumba zinkatenthedwa, nkhokwe kugwetsedwa, amuna kumenyedwa mpaka kukomoka, za amayi sindinena. Titamva kuti tsopano akubwera kwathu, tinanyamuka m'mamawa ndi zimene tikanatha kusenza, kudzera m'minda ya thonje, kulowera kudooko lina la cha ku Tengani kumene mwini bwato wina anavomera kutiwolotsa. Tinayenda mpaka dzuwa linafika pamutu. Pansi pankaotcha mapazi, ndipo mayi ankangotiuza kuti tisatembenuke.

Titafika pabango, bwato likuoneka apo, tinaimva. Inali kutali kwambiri, kumtunda, koma panalibe wofunsa kuti n'chiyani. Nyamavu inkabwera, ndipo inkalira mmene sindinaimvepo, osapumira, woyendetsa ataitsegula yonse. Bambo anaima. Nkhope yawo ndimaikumbukira kuposa mantha anga. "Zuze," anatero, kamodzi kokha. Mwini bwato nayenso anamva, n'kuyamba kukankha bwato lake kuti achoke opanda ife, akuti iye ali ndi ana, milandu ndi a chipani sakuifuna. Mayi analowa m'madzi mpaka m'chiuno, anagwira bwatolo ndi manja awiri, akumuchonderera m'Chisena. Phokoso lija linkakulirakulira. Kenako linasintha, linachita ngati lasasa mawu, ndipo mwadzidzidzi linaduka. Tinamva njiwa zikulira m'mitengo. Mwini bwato anamvetsera, anamvetseranso, n'kutiuza kuti tikwere msanga.

Tili kutsidya, ena othawa pambuyo pathu anatiuza kuti a Zuze anabereka Bizeki, mkulu wa anyamata a chipani kwathu, kuti akatitsekereze padooko, koma njinga inawagwetsa panjira. Anati sanachite kuwakakamiza, anadzipereka okha anthu akumva. Bambo anati Mulungu wayankha, ndipo anafunsa kuti mulungu wa matayala uja tsopano ali kuti. Mayi sanatchulenso dzina la mlongo wawo mpaka imfa yawo. Nanenso ndinakhulupirira zomwezo, poti ndinali nditamva ndi makutu anga.

Maliro a malume atatha, tsiku lometa, anthu atabalalika, azakhali anandiitanira m'nyumba. Anakwera pampando, anapisa dzanja pamwamba pa khoma, n'kutsitsa botolo lakuda ndi mwaye, chitsononkho chili pakamwa. Linali lodzaza.

"Amalume ako anandilumbiritsa kuti ndisanene iwo ali moyo," anatero. "Ndasunga. Tsopano ndatopa nazo, mwananga."

Anati m'mawa umene tinathawa uja Bizeki ndi gulu lake anapeza nyumba yathu ili pululu. Galimoto ya chipani inali ku boma, ndipo pa njinga zakapalasa sakanatipeza. Ndiye anafika kwa malume.

"A Zuze, lizani chinthu chanuchi. Alamu anu akuthawira kudooko. Mundifikitse asanawoloke."

Malume anati mutu ukuwapweteka. Bizeki anafunsa ngati nawonso alowa mpingo uja. Malume anati thanki ndi youma, anatsegula kuti aone, ndipo zinali zoona, munali kadontho chabe. Pamenepo mnyamata wina m'gulumo anati bwanji angothamangira kusiteshoni ya sitima ku Bangula, akaimbe foni ku Tengani, anzawo a kumeneko akatidikire padooko. Azakhali anati anaona amuna awo atauma thupi. Foni sakanatha kuiletsa.

"Foni yachani?" anatero malume. "Foni ndi ya anthu opanda njinga. Bweretsani petulo, ndikufikitsani ine."

Anyamata awiri anathamangira kusitolo n'kubwera ndi chigubu.

"Ine ndinathamangira m'nyumba kukatenga botololi, monga ndinkachitira masiku onse," anatero azakhali. "Ndikutuluka nalo, ndinaona Bizeki akuthira yekha m'thanki, amalume ako atamugwirira fanelo. Munthu amene sankalola ngakhale ine! Ndinati, 'Bambo, mwaiwala ichi.' Anandiyang'ana diso limene sindidzaliiwala. Anati, 'Mafuta a nyale awo, Nyatembo. Bwezani.' Ndinabweza."

Zotsalazo malume anauza azakhali kamodzi kokha, ali gone m'chipatala. Anatenga msewu wa ku Tengani, n'kupatukira kanjira ka m'tchire kotalikirana ndi njanji ndi midzi yomwe, ndipo anaitsegula yonse kuti injini ipse msanga. Koma Nyamavu inali yosamalidwa bwino kwambiri, inakana kufa. Inkangothamanga, dooko likuyandikira, malume akuichonderera mumtima kuti ife, njinga imene moyo wawo wonse ankaichonderera kuti ilire. Ankadziwa mmene injini yotero imafera: zitsulo zikagwirana, tayala lakumbuyo limaima nthawi yomweyo. Ankadziwanso kuti akakoka kilatchi msanga sagwa. Itasasa mawu, zala zawo zinali pa kilatchipo, koma sanakoke, chifukwa Bizeki akanatsika ali bwinobwino n'kumaliza ulendowo wapansi. Anagwa onse awiri. Bizeki anathyoka phewa n'kuguluka mano, malume njinga inawagwera pamwendo. Anawatola ndi abusa a ng'ombe dzuwa litapendeka.

Ndinafunsa chifukwa chake sanawauze bambo titabwerera.

"Awauze bwanji? Bizeki si uyo ali ndi udindo kuboma mpaka lero? Akanamva, ukuganiza tikanagona m'nyumba muno? Komanso umawadziwa amalume ako. Ankati, 'Munthu ndakangana naye zaka zonsezija, ngati sanandidziwe, ndikachite kumuuza ine?' Ankadikira kuti alamu awo afunse okha. Tsiku ndi tsiku ankadikira." Anapukuta botololo ndi chitenje. "Ndipo njingayo ankaikonda, usaganize kuti sankaikonda. Anailira kuposa mwendo."

Ndinapsa mtima, ndinene zoona. Ndinapsera mtima malume chifukwa cha kunyada kwawo, bambo chifukwa cha kuuma mutu, azakhali chifukwa chosunga lumbiro lotere mpaka munthu kulowa m'manda. Amuna awiri akuluakulu, nyumba zoonana, kudikirana mpaka imfa! Ndinatenga botololo, ndinapita kwathu, ndinaliika pamphasa pamaso pa bambo, n'kuwafotokozera zonse mosawanyengerera.

Anamvetsera mpaka kumapeto. Anafunsa funso limodzi lokha.

"Si mankhwala?"

"Ndi oyilo, bambo. Nunkhizani."

Anazula chitsononkho, ananunkhiza, n'kutsekanso. Kuyambira tsiku limenelo kudekha kwawo konse kuja kunawathawa. Ankatuluka, kulowa, kutenga khasu, kulisiya, kupita kumpanda kukayang'ana chitsa chija chimene malume ankasiyapo shuga. Chakudya ndinawapeza akudya ataimirira.

Nthawi imeneyi n'kuti Nyamavu itapita kale. Pogawa katundu, achibale anaipereka kwa wokonza ngolo wina wa ku Bangula, amene ankangofuna magudumu ake. M'mawa wina bambo anavala jekete yawo ya kumapemphero, anatenga botolo lija, n'kulunjika kwa azakhali. Ndinawatsatira patali. Anaima pakhonde, pamene pankakhala njinga. Bambo anga, amene moyo wawo wonse sanathirepo nsembe pansi ndipo ankadzudzula othira, anagwada movutikira, anazula chitsononkho, n'kuyamba kuthira oyiloyo pang'onopang'ono pakati pa zitsa ziwiri zija mpaka botolo linatha. Milomo yawo inkagwedera. Ndinamva liwu limodzi lokha: "Alamu."

Atationa ine ndi azakhali, anadzuka n'kusasa fumbi m'maondo.

"Chiswe," anatero. "Chingamalize nsanamirazi."

"Takhuta, alamu," azakhali anayankha, ngakhale oyiloyo sanakhudze nsanamira ndi imodzi yomwe.

Nyumba ya malume ikadalipo, ndipo denga lake likadali la udzu. Azakhali anamwalira asanagone pansi pa malata aja. Pakhonde zitsa ziwiri zija zili pomwepo, zitasalala pamwamba pamene zitsulo zinkakhudza. Pakati pake pali banga lakuda. Udzu sumerapo, nkhuku sizipalasapo. Pakhoma pali msomali umene malume ankapachikapo chisoti chawo. Bambo anasamutsira mpando wawo pamenepo, ndipo masana aliwonse mpaka imfa yawo ankakhala pambali pa zitsazo atayang'ana kumsewu, nthawi zina akuyankhula okha, akupukusa mutu, akuloza ndi chala, kupitiriza mkangano pomwe unalekera. Mpandowo nawo tsopano uli wokha. Ndikapitako mwezi ngati uno ndimaupukuta fumbi, kenako ndimaima pambali pake, poti kukhala pansi ndimalephera.